Mwana ndi wa ndani kwa Aigbo? Mafunso ndi mayankho pa za mtundu, ubambo ndi chilankhulo

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndine Mchewa weniweni, ndinakulira m'manja mwa amalume ngati mwinimbumba. Bambo a ana anga ndi a mtundu wa Chiigbo, kwao ndi mudzi wina kufupi ndi Owerri ku Nigeria, tinakumana ku Joni kuno ndipo tili ndi ana atatu. Chikwatiwire mafunso samatha, ena amachokera kwa abale kumudzi, ena kwa asisi anzanga amene ali pachibwenzi kapena anabereka ndi amuna a mtundu umenewu, nde ndangoti ndiwaike pamodzi ndiyankhe momwe ndaonera ndi maso anga komanso zomwe ndaphunzira kwa apongozi.

Aigbowo ali mbali iti ya Nigeria?

Kum'mwera chakum'mawa. Zigawo zawo zenizeni ndi zisanu, Anambra, Imo, Enugu, Abia ndi Ebonyi, koma aliponso ambiri ku Delta chakutsidya la mtsinje wa Niger, monga ku Asaba, komanso mbali zina za Rivers. Matauni amene mumawamva ngati Onitsha, Aba, Nnewi, Owerri, Enugu ndi awo. Nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970 inachitikira komweko, ndipo mpakana lero mukakhala ndi achikulire a kumeneko nkhani ikangofika pa njala ya nthawi imeneyo nkhope zimasintha.

Nzoona kuti mwana ndi wa bambo basi?

Madera ambiri inde. Mawu oti muwagwire ndi umunna. Umu ndi ana, nna ndi bambo, nde umunna ndi anthu onse ochokera mwa gogo mmodzi wamwamuna, kutsata mzere wa amuna okhaokha. Malo olima, malo omanga nyumba, manda, milandu ya banja, zonse zimadutsa mwa umunna. Ali ndi misonkhano yawo, amasonkha ndalama, ndipo munthu olo akhale ku London zaka 30 dzina lake limakhalabe m'kaundula wao, akalephera kusonkha ngongole imamudikira.

Mwana wamwamuna woyamba amamutcha okpara, madera ena diokpa. Bambo akamwalira iyeyu ndi amene amatenga obi, nyumba ya kutsogolo imene bambo ankalandiriramo alendo ndi kukambiramo nkhani za banja, ndipo wamkulu wa mzere wonse amasunga ofo, kandodo kakafupi koimira chilungamo ndi mphamvu za makolo. Kwa ine zinali zachilendo kwambiri. Kwathu mukafunsa mwana kuti kwanu nkuti amatchula mudzi wa mayi ake, bambo ndi mkamwini, anabwera kudzakulitsa mudzi wa eni. Kumeneko funso loyamba ndi loti "nwa onye ka i bu", kutanthauza kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo akufuna dzina la bambo, la agogo, ndi mudzi. Ukangoti "ndine wa ku Lagos" kapena "wa ku Johannesburg" amakuyang'ana, kenako amafunsanso funso lomwelo, chifukwa kumene unabadwira sikumene akufunsa.

Nde mayi alibe pake?

Ali napo, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa akamafotokoza. Kwao kwa mayi amati ikwunne, ndipo mwana wa mwana wawo wamkazi amamutcha nwadiala. Mwana ameneyu akapita kwa amalume ake sakhudzidwa, atha kuthyola chipatso chilichonse, kudya chilichonse, palibe omukweza dzanja. Ali ndi mwambi woti zinthu zikamuthamangitsa mwana kwa bambo ake amathawira kwa amayi ake, ndipo kale munthu akalakwa mlandu waukulu nkuthamangitsidwa m'mudzi amakakhala kumeneko. Dzina loti Nneka, limene atsikana ambiri ali nalo, limatanthauza kuti mayi ndi wopambana.

Palinso umuada, ana aakazi onse obadwira mu umunna, olo anakwatiwa kutali. Awawa musawaderere. Pa maliro, pa mkangano wa abale, akafika umuada nkulankhula amuna amakhala chete, amatha kulipitsa munthu chindapusa, ndipo ife akazi okwatiwa m'banjamo timawaopa kuposa apongozi aamuna. Ndinawaona pa maliro a amalume a bambo a ana anga, anakhala mozungulira bokosi usiku wonse, chakudya chikachedwa kapena chikachepa amachibweza, ndipo palibe anatsutsa.

Chinanso chomwe chinandigwira mtima ndi omugwo. Mkazi akachira, mayi ake omubereka ndi amene amabwera kudzamusamala, mwezi, miyezi iwiri, pena itatu. Nditabereka mwana woyamba bambo ake anatumiza okha ndalama ya basi kuti amayi abwere kuchokera ku Dedza, ine ndisanapemphe nkomwe, chifukwa kwa iwo ndi udindo. Amayi ankandithowa ndi madzi otentha momwe timachitira kwathu pa chikuta, abambowo nkumaphika msuzi wa tsabola wothira zokometsera za kwao zotchedwa uda ndi uziza kuti m'mimba muyere. Pobwerera anawagulira zitenje, nsapato ndi ndalama pamwamba, ndipo amayi mpaka lero amaikamba nkhani imeneyi.

Kodi Aigbo onse amatsata kuchimuna?

Ayi. Ku Ohafia ndi Abiriba m'chigawo cha Abia, komanso ku Afikpo m'chigawo cha Ebonyi, mzere wa mayi uli ndi mphamvu, munthu amakhala m'mudzi wa bambo koma minda yambiri ndi chuma china zinkadutsa kuchikazi, kwa amalume kupita kwa mwana wa mlongo wao. Mchewa akamva za ku Ohafia amangoti izi nde zathu zomwe. Nde musanayambe kuopa kapena kusangalala funsani kaye kuti mwamunayo kwao kwenikweni nkuti, chifukwa mwambo wa ku Nnewi ndi wa ku Ohafia ndi zinthu ziwiri.

Tinabereka koma sanapereke chilichonse kwathu. Pa mwambo wao mwanayu ndi wa ndani?

Funso ili ndi limene ndimafunsidwa kwambiri ndipo pena wofunsayo amakhala akulira. Pa mwambo wakale wa madera ambiri a Aigbo, bambo wa mwana ndi amene anapereka malowolo, osati amene anapereka mimba. Ukwati uli ndi masitepe ake, pali iku aka, kugogoda pakhomo, pomwe mwamuna amabwera ndi akuluakulu ake kudzadziwika, kenako kukambirana ndi kupereka ndalama ya malowolo, kenako igba nkwu pomwe mkazi amatenga chikho cha vinyo wa kanjedza kwa bambo ake nkuyenda pakati pa anthu kufunafuna mwamuna wake, akampeza amagwada nkumupatsa kuti amwe. Zimenezi zikapanda kuchitika mwana amawerengedwa kuti ndi wa kwao kwa mtsikana, amatenga dzina la agogo ake akuchikazi. Ndipo mbali inayo ndi yolemeranso, mkazi amene anamulowola akachoka pabanja malowolo osabwezedwa, ana amene angabereke kwina mwambo unkati ndi a mwamuna woyamba uja. Angoni ndi Atumbuka izi sizachilendo kwa inu, lobola imagwira ntchito mofanana.

Koma mwambo ndi lamulo la boma pano sizikuyendera limodzi. Gawo 42 la malamulo aakulu a Nigeria a 1999 limati munthu asasalidwe chifukwa cha mmene anabadwira, nde bambo akamuvomereza mwana kuti ndi wake, khothi limamuona ngati mwana wake olo ukwati panalibe. Masiku ano kwabweranso za DNA, zimene zasokoneza mabanja ambiri m'matauni a ku Nigeria, achinyamata akufuna pepala la ku labu pomwe achikulire ena akuti mwana wobadwira m'nyumba mwako ndi wako, usamafunse zambiri.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndimawauza asisi anzanga mosabisa. Ngati mwamunayo akuti amakukonda ndipo mwana ndi wake, akuonetse kwa anthu ake. Osati mnzake wogona naye fulati imodzi, ayi, bambo ake kapena mchimwene wake wamkulu, olo pa vidiyo kolo ya WhatsApp, ndipo abwere kwanu ndi anthu adzaonekere kwa amalume. Mwamuna wa Chiigbo amadziwa bwino lomwe kuti ukwati umene umunna sakuudziwa kwao suwerengedwa, nde akamazemba sitepe imeneyi zaka nkumapita, akudziwa chimene akuchita.

Nanga bambo akamwalira opanda mwana wamwamuna?

Apa mpamene pamaonekera mantha aakulu a mtunduwu, kuopa kuti dzina lizima ndipo njira yolowera pakhomo imera udzu. Mantha amenewa ali m'mayina momwe. Ahamefuna kapena Afamefuna ndi "dzina langa lisatayike", Obiefuna ndi "obi isatayike", Amaechina ndi "bwalo la pakhomo lisatsekeke". Chifukwa cha mantha omwewa makolo akale anapeza njira zingapo. Madera ena bambo ankasunga mwana wake wamkazi pakhomo osakwatiwa, mwambo umene ena amautcha nrachi, kuti ana amene abereke akhale a dzina la bamboyo. Kwina mkazi wosabereka kapena wolemera ankatha kulowola mkazi mnzake ndi ndalama zake, ana obadwawo nkukhala a m'nyumba imeneyo, ndipo sizinali za kugonana kwa akazi awiriwo ayi, inali nkhani ya mzere ndi chuma. Ifi Amadiume, mayi wophunzira wa Chiigbo, anafufuza zimenezi ku Nnobi nkuzisindikiza mu 1987.

Koma zoona zake, mwambo womwewu wazunza akazi amasiye ndi ana aakazi ambiri, abale a mwamuna kubwera kudzatenga nyumba poti munalibe mnyamata. Mu Epulo 2014 khothi lalikulu kwambiri la Nigeria linagamula mlandu wa banja la Ukeje. Lazarus Ukeje anamwalira mu 1981 osasiya wilo, mwana wake wamkazi Gladys anakanizidwa gawo, mlandu unayenda zaka zoposa 30, pomaliza khothi linati mwambo woletsa mwana wamkazi kulandira chuma cha bambo ake ukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko ndipo ulibe mphamvu. Mwezi womwewo linagamulanso mlandu wa Anekwe ndi Nweke wa ku Awka, mokomera mayi wamasiye amene ankafuna kumuchotsa pamalo poti analibe mwana wamwamuna. Kumudzi zinthu zimasintha pang'onopang'ono, ife tikudziwa, kwathu lamulo la 2011 la chuma cha masiye lilipo koma kulanda katundu sikunathe. Ine ndili ndi atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi ndipo ndinawauza bambo awo kuti wilo ilembedwe onse atatu alowemo, anavomera ndipo inalembedwa.

Mayina awo aja amatanthauza chani? Ambiri amayamba ndi Chi kapena Nna.

Chi ndi mzimu woyang'anira munthu aliyense payekha, ndipo Chukwu ndi Chi wamkulu, Mulungu. Nde Chinedu ndi "Mulungu amatsogolera", Chukwuemeka ndi "Mulungu wachita zazikulu", mofanana ndi ife tikamati Chisomo, Madalitso, Mphatso. A Nna ndi Nne nde amakhudza makolo. Nnamdi ndi "bambo anga alipo", limaperekedwa kawirikawiri kwa mwana wobadwa agogo ake aamuna atamwalira, Nnenna ndi "mayi a bambo", Nnanna ndi "bambo a bambo". Pansi pa mayina amenewa pali chikhulupiriro cha ilo uwa, choti kholo limene linafa bwino nkuikidwa moyenera limabweranso mwa mdzukulu. Apongozi anga aakazi ndi Mkatolika wa kolona m'manja tsiku lililonse koma atangomuona mwana wathu wachiwiri anamuyang'ana makutu ndi chala chaching'ono nkunena kuti amayi abwera, ndipo chiyambire tsiku limenelo samutchula dzina, amamuti nne m, mayi anga.

Sabata lao lakale lili ndi masiku 4 a msika, Eke, Orie, Afo ndi Nkwo, nde mayina ngati Okeke, Okorie, Okafor, Okonkwo, Nwankwo amangonena tsiku limene kholo lina linabadwa. Mukaona anthu awiri onse ndi a Okafor musathamangire kuti ndi pachibale.

Ena amati Aigbo anachokera ku Israel, nzoona?

Alipo ambiri amene amakhulupirira choncho, ena mpaka amapemphera Chiyuda. Amaloza mdulidwe wa tsiku la 8, miyambo ya kudziyeretsa, ndi dzina la Eri, kholo limene anthu a ku Nri ndi Aguleri amati anachokerako, poti m'Baibulo mulinso Eri mwana wa Gadi. Olaudah Equiano, amene anali kapolo nkudzamasuka, kalekale mu 1789 m'buku lake anafananitsa miyambo ya anthu akwao ndi ya Ayuda. Koma chilankhulo chimanena zina. Chiigbo chili m'banja lalikulu la zilankhulo lotchedwa Niger-Congo limodzi ndi Chiyoruba, Chiedo, ndipo chapatali ndithu, Chichewa chathu chomwe, poti makolo a zilankhulo za Bantu anachokera kumalire a Nigeria ndi Cameroon, pafupi ndi dziko la Aigbo. Mvetserani, zitatu iwo amati ato, zinayi amati ano. Ndipo nthaka yomwe ikuchitira umboni kuti anthuwa akhala pamenepo nthawi yaitali, ku Igbo-Ukwu munthu wina akukumba chitsime kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anapeza ziwiya zamkuwa zosula mwaluso lodabwitsa, katswiri wofukula zakale Thurstan Shaw anadzakumba bwino mu 1959 ndi 1964, ndipo zinapezeka kuti ndi za m'ma 800 kapena 900, azungu asanaponde dera limenelo. Ine ana anga ndimawaonetsa zithunzi za ziwiya zimenezo, chifukwa ndi za makolo awo zenizeni ndipo aliyense atha kukaziona.

Chiigbo nchovuta kuphunzira?

Chovuta ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu. Ife tili nako pang'ono, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsa ndi khutu, koma iwo zili paliponse. Mawu oti akwa, malinga ndi mmene wakwezera, atha kukhala kulira, nsalu, dzira kapena bedi. Pali timawu tina ngati gb ndi kp timene umatchula milomo ndi kukhosi nthawi imodzi, nchifukwa chake dzina la mtunduwu silitchulidwa "Igibo", g ndi b zimatuluka pamodzi. Kalembedwe kamene akugwiritsa ntchito pano, ka Onwu, kanakhazikitsidwa mu 1961, kali ndi zilembo 36, zina zili ndi kadontho ngati ị, ọ, ụ ndi ṅ, koma pa foni anthu ambiri amangolemba opanda timadontho ngati mmene ndikuchitira inemu.

Chinanso ndi kuchuluka kwa kalankhulidwe ka madera. Wa ku Onitsha, wa ku Owerri, wa ku Nsukka ndi wa ku Abakaliki akalankhula cha kumudzi kwenikweni amavutika kumvana. Amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la CMS atafika ku Onitsha mu 1857, Samuel Ajayi Crowther ndi J. C. Taylor amene makolo ake anali Aigbo omasulidwa ku ukapolo ku Sierra Leone, anayamba ndi Chiigbo cha anthu a ku Sierra Leone chimene eni dera sankachimva bwino. Kenako mmishoni wina, Thomas Dennis, anasakaniza malankhulidwe a madera 5 nkupanga Baibulo la 1913, Chiigbo choti palibe mudzi umene unkalankhula choncho. Mkangano wa kalembedwe ndi wa kuti cholondola nchiti unatenga zaka zambiri ndipo unachedwetsa mabuku, pomwe Chiyoruba chinali chitapita kale patsogolo. F. C. Ogbalu anayambitsa bungwe lolimbikitsa chilankhulo ndi chikhalidwe cha Aigbo mu 1949, ndipo ntchito yao ndi imene inathandiza kubala Igbo izugbe, Chiigbo cha onse chimene amaphunzitsa kusukulu ndi kuwerengera nkhani. BBC inatsegula gawo la Chiigbo mu 2018, ndipo ine ndimaphunzirirapo pamenepo.

Mwana amene sadziwa Chiigbo amamuwerengera kuti ndi wao?

Pa magazi ndi pa malo inde, palibe angamulande umwana wake chifukwa cha lilime. Koma ndikuuzeni zimene ndinaona. Tinapita kumudzi pa Khirisimasi, nthawi imene Aigbo onse amabwerera kwao, misewu yodzaza magalimoto ochokera ku Lagos ndi Abuja, ena atsika ndege kuchokera ku America. M'mawa wina amuna a umunna anasonkhana mu obi ya apongozi, mnyamata wathu anali ndi zaka 11 nthawi imeneyo ndipo anamuitana kuti akhale nawo poti ndi okpara wa bambo ake. Anabweretsa oji, mtedza wa kola umene amalandirira alendo, m'mbale yamatabwa. Mbaleyo imayenda m'manja motsata ubale, uyu kupatsira uyu, aliyense akudziwa amene ali pafupi naye pa mzere, mpaka kubwerera kwa wamkulu. Agogo ake anatenga kola mmodzi nkuukweza m'mwamba nkuyamba kupemphera, kuitana Chukwu, kuitana nthaka, kutchula makolo mmodzimmodzi mayina awo, kupempha moyo, ana, mtendere, ndipo akamaliza chiganizo chilichonse onse amayankha "Isee". Anati kamtema atere, chiombankhanga nachonso chitere, amene akaniza mnzake phiko lithyoke. Ndipo ali ndi mawu oti oji samva Chingerezi, pemphero limenelo silingachitike m'chilankhulo china olo pakhale mlendo wochokera kutali, amamumasulira pambuyo.

Ine ndinali panja ndi azimayi koma ndinkaona kudzera pakhomo. Mwana wanga anakhala bwinobwino, manja pamaondo, koma maso ake ankangoyendayenda kuyang'ana bambo ake kuti ayankhe liti. Agogo ake anatchula dzina lake m'pempherolo iye osadziwa kuti atchulidwa. Atatuluka anabwera kwa ine kukhitchini nkundinong'oneza kuti "Mama, amati chani za ine?" ndipo inenso sindinathe kumuyankha. Usiku umenewo ndinalankhula ndi bambo ake mpaka mochedwa. Tsiku lina mwana ameneyu ndi amene adzayenere kukweza kola mu obi imeneyo, mayina a makolo adzawatchula bwanji, milandu ya malo imakambidwa m'Chiigbo chodzaza miyambi, adzadziwa bwanji kuti amalume ena akumudyera munda iye ali pompo akumwetulira?

Nde udindo wophunzitsa ndi wa ndani, poti mayi ndi Mmalawi?

Wa bambo. Ndimanena izi mosazungulira chifukwa ndaona azibambo ambiri a Chiigbo kuno amene amalimbikira kuti mwana atenge dzina lao, apite kwao, adzaikidwe kwao, koma m'nyumba amalankhula naye Chingerezi chokhachokha, Chiigbo amachisungira anzawo pa foni ndi kumsonkhano wa anthu akwao. Kenako mwana akakula amadandaula kuti mayi ake sanamuphunzitse. Ine ndingamuphunzitse bwanji chinthu chimene ndikuchiphunzira ndekha? Ine gawo langa ndi Chichewa ndipo ndimalikwanitsa, ana anga akapita ku Dedza amacheza ndi agogo awo bwinobwino, amadziwa kuti wamkulu sumuti iwe.

Vutoli silili kunja kokha. Ku Nigeria komweko, ku Lagos ngakhale ku Enugu ndi Owerri, makolo ambiri ophunzira amalera ana m'Chingerezi, masukulu ena ankalanga mwana akalankhula chilankhulo cha makolo, zomwe ifenso tinaziona m'masukulu ena kwathu. Chomwe tinachita ife chibwerere ku ulendo uja nchosavuta, bambo awo amalankhula nawo Chiigbo basi, akayankha m'Chingerezi amabwereza funso mpaka ayese, Lamlungu lililonse madzulo amaimbira agogo awo pa vidiyo, ndipo tinayamba ndi timawu ta tsiku ndi tsiku, kedu polonjera, biko popempha, daalu pothokoza, bia poitana, nnoo polandira mlendo. Miyezi yoyamba kunali kulira ndi kunyanyala. Pano wamng'ono ndi amene amandikonza ine ndikalakwitsa kakwezedwe.

Bwanji abale ake anafufuza kwambiri za banja lathu tisanakwatirane?

Ndi mwambo, amautcha iju ase, kufunsafunsa. Mbali zonse ziwiri zimatuma anthu mwakachetechete kukafufuza ngati m'banjamo muli misala, kuba, imfa zosadziwika bwino, kapena ubale wamagazi. Pakati pa iwo okhaokha amafufuzanso za osu, mbadwa za anthu amene kale anaperekedwa kwa milungu ya m'mudzi ndipo ankasalidwa. Boma la chigawo cha kum'mawa linathetsa zimenezi ndi lamulo mu 1956, mipingo imadzudzula, koma mpaka pano maukwati ena amatha nkhani imeneyi ikatuluka, ndipo ndi chinthu chimodzi mwa anthu amene ndimawakondawa chimene chimandipweteka mtima. Ife akunja sichitikhudza, kwa ine anangofuna kudziwa mudzi, mpingo, ndi ngati amalume avomera.

Mwana angatenge pasipoti ya Nigeria?

Inde, malamulo ao amati mwana amene bambo kapena mayi ake ndi nzika ndi nzika pobadwa olo abadwire kunja, ndipo amaloledwa kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Malawi nayo inasintha lamulo mu 2018 kulola unzika wa maiko awiri. Chimene adzafunsidwe kawirikawiri pa mafomu ku Nigeria ndi chigawo ndi boma laling'ono limene amachokera, ndipo amatengera kwa bambo.

Anthu akuda a ku America ndi Jamaica ena amati ndi Aigbo, zimatheka bwanji?

Ukapolo. Anthu ambirimbiri a kumeneku anagulitsidwa kudzera m'madoko a Bonny ndi Calabar, amalonda a ku Arochukwu ndi amene ankawatulutsa kumtunda. Ambiri anakathera ku Jamaica ndi ku Virginia. Ku Jamaica mpaka lero akafuna kunena kuti inu nonse amati unu, mawu a Chiigbo enieni. Ku chilumba cha St Simons ku Georgia kuli malo otchedwa Igbo Landing pomwe mu 1803 gulu la Aigbo ogwidwa linalowa m'madzi kukana ukapolo. Zidzukulu zao zina pano zikuyezetsa DNA nkupita ku Nigeria kukalandira mayina, koma chimene ukapolo unawalanda nchomwe chija, dzina la mudzi ndi la umunna, pepala la ku labu silingakuuze obi ya agogo ako.

Bambo a mwana wanga anasowa, mwana wakula akufuna kudziwa kwao. Tiyambire pati?

Yambani ndi chilichonse chimene mukukumbuka kupatula dzina, chifukwa mayina amafanana kwambiri. Chofunika ndi tauni kapena mudzi. "Anambra" payokha sikwanira, koma mukakumbuka kuti ankatchula Nnewi, Orlu, Mbaise, Abiriba, mwayandikira. Fufuzani m'mapepala akale, fotokope ya pasipoti imalemba kumene anabadwira, kalata ya kuchipatala, zithunzi za pa ukwati wa mnzake pomwe pali chinsalu cholembedwa dzina la bungwe. Aigbo kulikonse kumene ali amakhala ndi mabungwe a anthu ochokera tauni imodzi ndipo amakumana mwezi ndi mwezi, kuno ku Joni alipo ambiri, komanso kuli nthambi za Ohanaeze Ndigbo, bungwe lao lalikulu. Pitani kwa wapampando, makamaka wachikulire, mupite ndi munthu wamkulu wa kwanu osati nokha, munyamule chakumwa pang'ono ndi kola ngati mwampeza, ndipo munene kuti mwana akufuna kudziwa umunna wake. Musayambe ndi nkhani ya ndalama za sapoti olo muli nazo chifukwa, imeneyo ili ndi khothi lake, mukaisakaniza pa tsiku loyamba zitseko zimatsekeka poganiza kuti mukufuna kumangitsa m'bale wao.

Konzekerani mtima kuti mutha kupeza kuti ali ndi mkazi ndi ana kwao, kapena anamwalira, ndipo mwanayo mumuuziretu zimenezi asanapite. Mnzanga wina wa ku Mangochi anayenda njira imeneyi chaka chatha ndi mtsikana wake wa zaka 19. Bamboyo anapezeka kuti anamwalira kalekale, koma mlongo wake, ada (mwana wamkazi woyamba) wa pakhomopo, ataona chithunzi anaimba foni usiku womwewo akulira, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa mtsikanayo ndi ngati bambo ake anamusiyira dzina la Chiigbo. Linalipo, pa kadi ya sikelo ya ku kiliniki, lolembedwa molakwika ndi nesi, ndipo azakhali akewo anamuuza katchulidwe kake koyenera, mtsikanayo nkubwereza katatu mpaka anakhoza.